Bodza la Useni

Basi ya ku Blantyre idafika pa depoti ya Nkhotakota itadzaza kale. Rahma adaima pakhomo atakumbatira bokosi lake, kusowa poponda.

"Khalani apa, achemwali," adatero mnyamata wina akunyamuka pampando. "Koma ngati m'bokosimo muli chambo, tigawana."

"Muli tizidutswa ta zotupa za odwala. Mudyabe?"

Mnyamatayo adaseka mpaka misozi. Adali Useni, mphunzitsi wa ku Chia.

Chaka chimenecho, 1996, Rahma adali mmodzi wa achinyamata asanu omwe ankaphunzitsidwa kafukufuku wa khansa ku Blantyre. Ankaphunzira kuyeza chotupa cha munthu aliyense pachokha, kuti wodwala apatsidwe mankhwala omuyenera iyeyo.

Makalata adayamba kuyenda pakati pa awiriwo.

"Duwa langa," adalemba Useni, "dzulo ana andiseka, ndalemba dzina lako pabolodi m'malo mwa deti. Maliza maphunzirowo, ine sindisuntha."

Rahma ankawerenga mpaka pepala kuthetheka m'mapindo. Kodi padziko padali mwamuna wina ngati ameneyu?

Mwezi wachisanu ndi chitatu kudabwera kakalata kakafupi: "Rahma, ndapeza wina. Usandifunefune."

Adalira, chakudya osachikhudza. Adalakwanji? Malonjezo onse aja adali mphepo chabe?

Patatha miyezi iwiri adamutumanso kwawo ku Nkhotakota kukatenga zoyeza. Pabenchi ya chipatala adaona Kulusumu, mlongo wake wa Useni, atakhala ndi munthu woonda wokulunga mpango m'khosi. Munthuyo adazolika.

"Useni!"

"Mkazi winayo kulibe, mlamu," adatero Kulusumu misozi ili mbwee. "Chimutulukireni chotupachi, akuti safuna kukusiyani wamasiye."

Rahma adamasula mpangowo. Chotupacho chidali ngati dzira la nkhuku.

"Unandinamiziranji?"

"Khansa ndi imfa, Rahma. Ndimati undide, undiiwale msanga."

"Wakuuza ndani kuti ndi imfa? Wayezedwa?"

"Ayi."

"Ndiye chaka chonsechi umayesa ndikuphunzira chiyani? Khansa si imodzi, Useni! Ina imamva mankhwala, ina ayi. Yakoyi sitikuidziwa n'komwe, iwe wadziika kale m'manda, n'kundiikamo ndi ine!"

Useni adagwira nsonga ya chitenje chake. "Ndikhululukire, mtima wanga."

"Sindinakukhululukire. Lowa kaye kwa adokotala."

Adokotala atadula kachidutswa, Rahma adalemba yekha dzina pakabotolo. Zilembo zidakhota, adachita kubwereza.

"Zotsatira zidzatuluka liti?" adafunsa Useni.

"Pakatha masabata atatu," adayankha Rahma.

"Zikadzakhala zabwino, ndidzatuma amalume kwanu."

Rahma adapukusa mutu.

"Ayi, wokondedwa. Amalume ako abwere Loweruka lino. Sindifuna udzanene kuti ndidakulola chifukwa cha pepala."

Useni adabisa nkhope m'manja mwa Rahma. Kulusumu adaiwala kuti ali m'chipatala, adayimba nthungululu mpaka anamwino adatuluka kudzaona.