Ntchentche za M'boti la Anthu Atatu

Chinthu choyamba chimene Dorah anaona chinali ntchentche. Osati tintchentche ta pamsika tija ayi, koma zikuluzikulu zobiriwira, zonyezimira kumsana, zija zimamva za imfa uthenga usanafike kwa abale. Lolemba lililonse limene walandira makiyi a boti ankazipeza zitaunjikana m'mipata ya matabwa a pansi, zili duu ngati zikudikira munthu. Ankakolopa ndi sopo mpaka manja kutuwa, koma fungo linkangobisala, dzuwa likatentha n'kutulukanso.

Botilo linali la anthu atatu: Fyson, Petros ndi mwamuna wake wa Dorah, malemu Laston. Onse anali ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kalekale kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anadziwana ku sosayati ya maliro ku Tshabalala, lokeshoni ya ku Bulawayo. Analigula kwa mzungu wina wosamuka, n'kumaliyendetsa pa damu lina kunja kwa Bulawayo, kunyamula aukwati ofuna zithunzi ndi magulu a kutchalitchi ofuna kupitidwa mphepo. Pangano lawo linali lapakamwa koma lolimba. Aliyense anali ndi sabata yake. Pa sabata ya mnzako sufika padoko, sufunsa kumene boti lapita, ndipo wochititsa boti manyazi amatuluka, gawo lake n'kutsalira anzake. Laston atamwalira gawo lake linagwera Dorah, ndipo ndilo linkamudyetsa. Bamboyo sanasiye china chilichonse kupatula masuti ndi mbiri yoti anali munthu woyera mtima.

Manyazi anabweradi, ndipo anabwera pa sabata ya Dorah. Loweruka lina ananyamula ukwati wa ku Entumbane. Ali pakati pa damu, boti linapendama pang'ono, ndipo m'mipata ya matabwa munatuluka madzi akuda ofiirira, oterera, n'kukwera ndi diresi la mkwatibwi. Fungo limene linabuka pamenepo silinali la nsomba kapena la matope. Mkwatibwi anasanzira m'manja mwa mwamuna wake, amayi ena anakomoka, ana amene ankakwawa pansi anagonekedwa ku chipatala cha Thorngrove mlungu womwewo. Nkhani inafika ku Tshabalala Dorah asanatsike n'komwe m'kombi, minibasi yobwerera kwawo.

Anthu amati akapeza ponenera sasiya. Ena ankati mkazi wamasiyeyo anakwera boti asanachotse fumbi la maliro. Ena ankati Laston sanagone, amabwera usiku kudzayendetsa boti lake. Asodzi ankalumbira kuti analiona likuyenda lokha mumdima, lopanda nyali, kutsogolo kwake kutatuluka nyanga.

Thabani, mlonda wokalamba wa padoko, anamukokera Dorah pambali n'kumunong'oneza.

“Mama, ine angazi, sindidziwa kuti n'chiyani. Koma limalira. Limabuula ngati nkhalamba yodwala. Ndikangomva, ndimatseka chitseko changa.”

“Pa sabata ya ndani, baba?”

“Hatshi, ayi mama. Za masabata anu musandilowetsemo.”

Lamlungu, sosayati itatha, Petros ndi Fyson anamukhazika Dorah pansi kuseri kwa holo. Petros, amene anali wapampando wa sosayatiyo, anavula chipewa n'kuyankhula ndi mawu a pamaliro aja.

“Alamu, ife timakukondani. Koma pangano mukulidziwa. Nthawi ya malemu zoterezi kunalibe. Zikachitikanso pa sabata yanu, mutisiyire makiyi.”

“Koma fungolo ndimalipeza, alamu. Sindibwera nalo m'chikwama.”

“Ndiye mukuti ndi ine?” Fyson anafunsa akuseka, kwinaku akutokosa m'mano ndi mutu wa machesi. “Ine ndimasiya boti likununkhira ngati chipatala cha azungu.”

Dorah anamuyang'ana, nadzuka n'kumapita.

Sabata yake itafikanso anagona padoko usiku uliwonse, atafunda bulangete pafupi ndi kanyumba ka mlonda. Boti silinasunthe. Kunkangomveka achule ndi madzi akugunda m'mbali mwake. Itafika sabata ya Fyson, Dorah anaswa pangano. Anatsika kombi yomaliza, n'kukabisala m'zitsamba za minga kumtunda kwa doko. Mwezi kunalibe. Udzudzu unamudya mpaka miyendo kutupa. Tulo titayamba kumuba, anamva unyolo ukukhwekhwereza pa thabwa pang'onopang'ono, ndipo chimthunzi cha boti chinachoka padoko popanda injini, popanda mawu a munthu, n'kumezedwa ndi mdima. Chinabwera kusanache, chitazama kwambiri m'madzi, ndipo m'kati mwake munatuluka kubuula kuja, kwakutali, konyowa. Dorah anagwira pakamwa n'kupemphera pemphero losamveka mutu wake.

Mantha anali nawo, koma njala ya mawa inamuopsa koposa. Tsiku lotsatira, dzuwa litangolowa, analowa m'boti n'kudzitsekera m'kachimbudzi kake, kopanikiza ngati bokosi la maliro. Anakhala pamenepo mawondo ali pachibwano, akupumira m'chitenje. Kenako boti linagwedezeka. Munakwera mapazi olemera, a anthu amoyo ovala magambutsu. Anamva mitengo ikukankha pansi pa madzi, ndipo atafika kutali ndi doko m'pamene injini inalira motsitsa. Mizukwa siitsokomola, koma wina anatsokomola n'kulavulira m'madzi.

Kutsidya kuli mapulazi a ng'ombe, ndipo chaka chimenecho ng'ombe zinkafa ndi matenda, a boma n'kumalamula kuti zikwiriridwe m'maenje. Boti litagunda gombe, Dorah anamva abulu ndi kulira kwa ngolo. Kenako china chake cholemera chinagwera pa matabwa, phii, boti lonse n'kunjenjemera. Fungo linalowa pansi pa chitseko ngati utsi, lotsekemera moipa, lomata kukhosi. Anasuzumira pa kamng'alu.

Tochi inali itayikidwa pansi. M'kuwala kwake munali ng'ombe zofukulidwa, zikopa zikadali ndi dothi ndi laimu woyera wa kudzenje. Mimba zinali zitatupa ngati madiramu. Mutu wa ina unali utatsamira kutsogolo kwa boti, nyanga zili m'mwamba, m'maso muli mphutsi zokhazokha. Fyson anaponda pamimba pa ina kuti adutse, ndipo mpweya unatulukira kukamwa kwake ndi kubuula kuja kumene kunkatseketsa Thabani chitseko. Wina anali atagwada, akusenda ndi mpeni, akutsuka nyama yobiriwira ndi madzi a m'damu osakaniza ndi mankhwala ochapira zovala. Atadzutsa mutu, Dorah anaona dazi la wapampando wa sosayati.

“Iyi yapita kwambiri,” Fyson ananong'ona.

“Ya soseji imeneyo,” Petros anayankha. “Ukathira tsabola ndi adyo ndani angadziwe? Mabutchala ogula usiku safunsa. Tsegula pansipo.”

Fyson anazula matabwa a pakati, ndipo pansi pake panali chipinda chachitali chokutidwa ndi malata, m'mene ankaponyamo nthulizo. Dorah anakumbukira ana aja akukwawa pamwamba pomwepo, zala zili m'kamwa. Anayesa kumeza, koma zinakana, ndipo anasanza mokweza mpaka chitseko chinatseguka chokha.

Tochi inamuwalira kumaso.

“Alamu,” Petros anatero, mpeni ukudontha m'manja. “Mwaswa pangano. Ino si sabata yanu.”

Taonani munthu! Manja ali m'mimba mwa ng'ombe yowola, koma chimene chinamupweteka n'chakuti wina waponda padoko tsiku lolakwika.

“Inu a Petros,” Dorah anatero. “Inu amene mumatsogolera nyimbo kumanda. Nyama iyi mukudyetsa ndani?”

“Anthu osauka amafunanso ndiwo, alamu. Tikanadutsa pamsewu, apolisi akanatilanda. Pamadzi palibe rodibuloko.”

“Mwamuna wanga akanaona zimenezi akanakulavulirani.”

Fyson anaseka mpaka kugwira bondo. Petros sanaseke. Analoza chipinda cha malata chija ndi nsonga ya mpeni.

“Mwamuna wanu anali wowotcherera zitsulo kunjanji, si choncho? Taonani msoko uwu. Ine ndi Fyson sitidziwa n'kugwira komwe makina ake. Nzeru yonseyi inali ya malemu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankadziwa kutsuka pansipa, ife timaiwala. Inu mukanangolandira kenakake n'kukhala kunyumba, bwenzi zonse zili bwino.”

Dorah anayang'ana msokowo. Unali wowongoka, wosalala, wopanda chotupa ngakhale chimodzi, ngati wa pa geti la kunyumba kwake limene Laston anawotcherera.

“Ndiye sankhani,” Petros anapitiriza mofatsa. “Mukakhala chete, gawo lanu likhala, ndipo tidzakuikirani pamwamba. Mukanena, boti alanda, inu mudya mchenga, ndipo dzina la malemu lidzanunkha Tshabalala yense.”

Ulendo wobwerera Dorah anakhala kumbuyo kwenikweni, mapazi atawakweza pampando kuti asakhudze pansi. Ng'ombe ija inabuulanso kawiri. Palibe anamukhudza, chifukwa amuna awiriwo anali otsimikiza kuti mkazi wamasiye sangathire dothi m'mbale yake yomwe. Pofika padoko Fyson anamupatsa dzanja kuti atsike. Dorah analiyang'ana dzanjalo, mafuta achikasu ali m'zikhadabo, n'kudumpha yekha.

Anakwera kombi yoyamba yopita m'tauni. Anthu anamusunthira, ena anatsegula mawindo, kondakitala anagwira mphuno n'kufunsa ngati mama anyamula galu wakufa. Njira yonse Dorah ankaganiza za masuti aja, mmene ankawasitira Loweruka madzulo, ndi nyama imene Laston ankakana kudya kunyumba, amvekere mano akumuvuta, pamene Dorah ndi ana awo ankanyambita mbale.

Sanatsikire ku Tshabalala. Anakalowa kupolisi, nsapato zikusiya zidindo zakuda pa simenti. Wapolisi wa pakauntala anabwerera m'mbuyo pang'ono atagwira mphuno, kenako anatenga cholembera.

“Yebo, mama. Tikuthandizeni?”

Dorah anafotokoza zonse, za maenje, za ngolo, za chipinda cha malata ndi mabutchala ogula usiku. Wapolisiyo analeka kugwira mphuno n'kuyamba kulemba mofulumira.

“Mukudziwa kuti botilo tikaligwira, mama? Ndipo mwati ndi lanunso?”

“Ndikudziwa.”

“Chabwino. Nditchulireni mayina a anthu onse amene ali m'nkhaniyi.”

Dorah anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, nayamba ndi dzina la mwamuna wake.