Phazi pa Buloko la Eneless

Dzuwa likulowa, Eneless ankathirira madzi mabuloko ake oyala pabwalo, kuseri kwa msika wa Luangwa Boma. Ankawaumba ndi simenti pang'ono chabe, phulusa, mabotolo osinja ndi fumbi lotayidwa ku mafakitale a ku Lusaka. Mchenga ankabweretsa ndi Raimundo, mng'ono wa malemu mwamuna wake, munthu amene maso ake sankachoka pa puloti ya Eneless. Kwa Eneless kunalibe chotaya: buloko likaipa, ankaliphwanya ndi hamala n'kuliumbanso.

Madzulo amenewo buloko limodzi linali ndi phazi la munthu, lodindika bwinobwino, likununkha nsomba yoola. Anatukwana ana a pamsika, naliphwanya. Kutacha kunamveka mfuu: Dismas msodzi wafera m'bwato, mafupa onse ali zidutswazidutswa. Pasanapite nthawi phazi lina linatuluka, hamala inagwiranso ntchito, ndipo Serafina wamakala anafa imfa yomweyo. Anthu anayamba kunong'ona, n'kumalambalala bwalo lake.

Phazi lachitatu linali laling'ono, kachala kakumapeto kopindika. Eneless atakweza hamala, mikono inauma gwa! Phazi limeneli ankalisambitsa yekha tsiku ndi tsiku. Linali la Wendy, mwana wake mmodzi yekhayo.

Anathamangira pamulu wa mchenga n'kuufukula ndi manja. Ha! Zitosi za nkhuku, makoko a nsawawa, tizidutswa ta mapatapata. Kumtsinje kulibe zimenezi. Linali dothi la m'njira, lotapidwa pamene anthu aponda.

Raimundo anatulukira akukankha wilibala, akuimba mluzu.

"Mulamu, uyu mchenga mutapa kuti?" anafunsa Eneless mwaukali.

"Kumtsinje, nanga kuti?"

"Boza! Utapa mapazi ya anthu, ine n'kumakuphera! Manje ufuna nidziphere mwana wanga? Mfiti iwe, galu wopanda manyazi!"

Raimundo anayang'ana bulokolo, namwetulira. "Sungani, mulamu, sungani. Koma simenti yanu ija ni yochepa. Mvula ibwera."

Ataona anthu a pamsika akuthamangira phokosolo, anataya wilibala, ulendo wa kudooko, fumbi lili koboo, osavala nsapato.

Eneless sanamuthamangitse. Anakulunga buloko la Wendy m'chitenje, nalibereka kumsana mosamala. Kenako anagwada pamene Raimundo anaponda, natapa dothilo ndi manja awiri, osasiya ngakhale kambewu, n'kulithira m'chikombole. Simenti sanaikemo ndi pang'ono pomwe.