Rozina Atumiza Chisanu ku Chikwawa

Uyu ndi Rozina. Amakhala ku Govan, kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira kwambiri, ndi adadi ndi amami ake. Rozina ali ndi vuto. Analonjeza chinthu chovuta.

Msuweni wake Kettie amakhala ku Chikwawa. Awiriwa amatumizirana mapositikhadi. Rozina amajambula za kudimba kwake. Nayenso Kettie amajambula za kudimba kwake.

Tsiku lina Kettie analemba kuti, "Kuno kukutentha koopsa. Chisanu chimene umanenacho sindinachionepo. Unditumizireko."

Rozina anayankha tsiku lomwelo. "Ndikutumizira!"

Koma Rozina kufulumira pakamwa! Chisanu angachitumize bwanji?

Unali mwezi wa Novembala. Masamba a mitengo anali atayoyoka. Loweruka m'mawa, Rozina ndi adadi anapita kudimba kukadzala adyo.

Atafika, Rozina anangoti kukamwa yasa! Dimba lonse linali mbee! Masamba a chomoliya anali mbee. Kabichi anali mbee. Ngakhale khasu linali mbee. Zinali ngati wina wawaza shuga paliponse.

"Adadi, taonani!" anatero Rozina motsitsa mawu.

"Ndaona, mwanangu. Chisanutu chimenecho."

Rozina anathyola tsamba limodzi. Analiika m'thumba la jekete. Patapita kanthawi anapisamo dzanja. Chisanu munalibe! Munali tsamba lonyowa basi.

Anapala chisanu china ndi chala. Anachiika mu envelopu. Envelopu inangonyowa.

Rozina anakhumudwa kwambiri. "Kettie aziti ndine wabodza."

"Ungomujambulira," anatero adadi.

"Chojambula si chisanu, adadi."

Komabe anatsegula chikwama chake. Munali penti wa madzi ndi burashi. Munali khadi limodzi losalembapo. Analiika pabenchi, pamthunzi wa mpanda. Ananyika burashi m'madzi. Anapaka penti wobiriwira. Anapakanso wabuluu. Khadi lonse linanyowa.

Eee, kuzizira! Zala zinachita dzanzi. Rozina anavala magolovesi. Anathamangira kwa adadi. Anadzala adyo, anadzala adyo. Za khadi anaiwala.

Atabwerera kubenchi, anafuula. "Mayo ine! Penti waundana! Khadi langa laonongeka!"

Adadi anabwera. Anawerama. Anayang'ana khadi lija.

"Iwe Rozina, tayang'anitsitsa."

Rozina anayang'anitsitsa. Mupentimo munali timaluwa. Munali tinthenga. Munali tinyenyezi. Munali tinthambi tating'onoting'ono, tambirimbiri. Rozina sanajambule zimenezi ayi.

"Mwajambula ndinu, adadi?"

"Ine? Ine ndimadzala adyo ndi iwe."

"Ndiye wajambula ndani?"

Rozina anatong'ola maso.

"Chisanu! Chisanu chajambula pakhadi langa!"

Anasangalala, komanso anachita mantha.

"Adadi, timaluwati tisungunukanso?"

"Kaya, mwanangu. Zoterezi nanenso sindinazionepo."

Ananyamula khadi lija pang'onopang'ono. Analiika m'kanyumba kosungira makasu. M'menemo munali mozizira. Analisiya kuti liume lokha.

M'mawa mwake, atachoka kutchalitchi, anapita kudimba. Amami anapita nawo. Rozina anatsegula chitseko. Anasuzumira ndi diso limodzi.

Khadi linali litauma. Timaluwa tinalipo! Tinthenga tinalipo! Tinyenyezi tonse tinalipo! Rozina anakhudza ndi chala. Sitinasungunuke.

"Abale inu, kukongola kwakeko!" anatero amami, atagwira pamtima.

Rozina analemba kuseri kwa khadi. "Kettie, chisanu chako nachi. Penti ndapaka ndine. Maluwa chajambula chokha." Anamata sitampa. Anaponya khadi m'bokosi lofiira la makalata.

Anadikira. Anadikira. Adyo anatulutsa timitu tobiriwira. Rozina anadikirabe.

Kenako yankho linafika. Rozina anawerenga mokweza.

"Rozina, chisanu chafika! Kuno dzuwa likuswa mtengo, koma sichinasungunuke. Ana onse a kusukulu abwera kudzachiona. Nanga iwe ndikutumizire chiyani?"

Rozina analumphalumpha. Kenako anakhala pakati pa adadi ndi amami. Anaganiza, anaganiza.

"Amami, chimene mumachisowa kwambiri n'chiyani?"

"Fungo la mvula yoyamba ya kumudzi," anatero amami.

"Lingakwane pakhadi?"

Adadi anaseka chikhakhali. "Lemba, mwanangu. Nayenso Kettie avutikeko!"