Dzira la Tomasi

Otilia anali ndi nkhuku imodzi. Nkhukuyo inkaikira mazira kuseri kwa nkhokwe ya mapira. Otilia ankafuna anapiye. Ankawafuna kwambiri.

Otilia analinso ndi mlongo wake wamng'ono, Tomasi. Tomasi ankadwaladwala. Lero chifuwa. Mawa m'mimba. Tsitsi lake linafiira. Ngakhale kuseka analeka.

Tsiku la sikelo linafika ku Ndamera. Amayi anabereka Tomasi. Otilia ananyamula khadi la kusikelo la Tomasi. Anamwino anapachika sikelo pa mtengo wa bwemba. Anamukweza Tomasi. Muvi sunakwere.

"Mwanayu amadya chiyani?" anafunsa anamwino.

"Phala la mapira," anayankha Amayi.

"Phala lokha silikwanira, mayi. Muzithiramo dzira, limange thupi. Muzithiramonso masamba a sangowa, mtengo uja ena amati cham'mwamba, amuteteze ku matenda."



Panjira Amayi anapukusa mutu. "Dzira? Nkhabe, ayi ndithu. Kwathu mwana sadya dzira. Akadya amagwa khunyu."

 Koma Otilia sankagonja msanga.

Anapita kuseri kwa nkhokwe. Anawerenga mazira. Analipo asanu. Mazira asanu, anapiye asanu. Mtima unamuwawa. Komabe anatola limodzi. Analiwiritsa. Anakaima pamaso pa Amayi.

"Mama, inenso ndine mwana," anatero. "Ndiyambe kudya ndine. Inu muzindiyang'ana."

Anasenda dzira lija. Anadya lonse. Amayi anagwira pamtima.

Tsiku limenelo Amayi sanamusiye. Otilia kuchitsime, Amayi pambuyo. Otilia kumunda wa thonje, Amayi pambuyo. Otilia sanagwe.

M'mawa mwake anadya dzira lina. Anathamanga. Analumpha chingwe. Anasenza mtsuko wodzaza.

"Mwaona, Mama? Sindinagwe."

Tsiku lachitatu Amayi anadzuka m'mamawa. Anapita okha kuseri kwa nkhokwe. Anabwera ndi dzira m'manja. 

"Otilia, kathyole sangowa kumpanda," anatero.

Otilia anathyola masamba. Anawasinja. Amayi anathira masamba m'phala. Anathira dzira m'phala. Anatakasa mpaka linapsa.

Tomasi analawa. Anatseka pakamwa. Otilia sanatope.

"Yasama, Tomasi. Yasama kamodzi kokha."

Tomasi anayasama. Anameza. Anayasamanso.

Nkhuku inkaikira. Tomasi ankadya. Dzira ndi sangowa, dzira ndi sangowa. Kuseri kwa nkhokwe anapiye kunalibe.

Mwezi unatha. Kusikelo muvi unakwera pang'ono. Mwezi wina unatha. Muvi unakweranso. Chifuwa chinasiya. Tsitsi linayamba kuda.

Tsiku lina Tomasi anaimirira yekha. Anayamba kuthamangitsa nkhuku ija pabwalo. Nkhuku uku, Tomasi uku. Anaseka mpaka anakhala pansi.

Amayi anapukuta misozi.

"Takhuta, mwanawe," anatero pothokoza Otilia. "Koma anapiye ako aja sanaswe."

Otilia ananyamula Tomasi. Anali atayamba kulemera.

"Mwanapiye wanga ndi uyu, Mama."