Chikho cha Jolame

Kwa a Sakiusa ku Lami, tawuni ya pachilumba china cha m'nyanja yaikulu, kunali kwa mapemphero. Bambo ankalalikira kutchalitchi, mayi ankagulitsa nsomba pamsika wa mumzinda wa Suva, ndipo mwana wawo Apenisa sanagonepo ndi njala. Koma mnyamatayo ankafuna kuopedwa.

Atayamba kugulitsa mankhwala osokoneza bongo a Waisea, mkulu wa gulu la zigawenga, bambo ake anamuchenjeza: "Mwana wanga, kumeneko munthu amakwera poponda mnzake. Tulukako."

"Ababa, inu mwalalikira zaka zonsezi, akuopani ndani?"

Kwa Waisea ukulu unkaonekera pomwa kava, chakumwa cha mizu chimene amuna amamwa motsatana. Chikho choyamba chinali cha bwana, chachiwiri cha Jolame, chigandanga chake chomenya anthu, ena onse pambuyo. Loweruka lina masana, Apenisa, atagulitsa kuposa anzake, anaomba m'manja mwa mwambo n'kulandira chikho chachiwiri chija.

Jolame anamuwomba khofi pamutu, phaa! "Iwe kamwana ka mlaliki, wakula liti? Kamwe tiyi kwa amako!"

Onse anaseka. Komatu mutu wa munthu kuno sugwidwa, ngakhale mwangozi umapepesa. Apenisa anafika kwawo ali ndi ukali n'kufotokozera bambo ake.

"Ukhululuke," anatero bambo ake. "Nditenga dzino la namgumi, mphatso yopepesera monga mwa mwambo, tikapemphe Waisea akumasule."

"Dzino lichotsa dzanja lake pamutu panga? Ndimuonetsa!"

Sabata yonse ananola chikwanje, chakudya osachikhudza. Lolemba anamupeza Jolame padoko atawerama pa injini ya boti, ndipo anatema dzanja lomwe lija mpaka linalendewera. Akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anathamangira kwa Waisea akumwetulira, magazi ali pamalaya.

"Bwana, malo achiwiri tsopano ndi anga."

Waisea anati: "Wandithandiza, Jolame anayamba kundikulira mtima. Koma lero watema wachiwiri, mawa utema ndani? Anyamata, mutengeni."

Anamuthyola msana ndi zitsulo n'kumutaya m'ngalande. Kuchipatala, wapolisi atakhala pakhomo, dokotala ananena kuti sadzayendanso.

"Ababa," ananong'ona Apenisa, "mundibwezerere."

A Sakiusa analira mokweza, chifukwa anaona kuti chathyoka ndi msana wokha, mtima udakali womwe uja.

Achinyamata, imvani. M'malonda a mankhwalawa mulibe ulemu, muli mantha okhaokha, ndipo wobwezera amangogwirira ntchito amene ali pamwamba pake. Kubwezera n'kwa Mulungu. Mukakunyamula nokha, kukuthyolani.