Mabatire Akupuma

Chinyezi chinayamba kupezeka m'chipinda chimene sichifuna ngakhale thukuta la munthu. Ku labotale ya payunivesite, mabatire atsopano amawapangira ndi kuwayesera m'chipinda chouma, cha chitseko cholemera ngati cha filiji, chifukwa mpweya wonyowa ukangowakhudza amatupa n'kufa. Koma m'mawa uliwonse kachipangizo ka pakhoma kankasonyeza kuti usiku mwalowa chinyezi, ngati kuti munagona munthu.

Amene zinamuimika mutu kwambiri ndi mtsikana wina wochita kafukufuku, amene kwawo ankamutchula kale kuti Adokotala, digiriyo isanapse n'komwe. Mabatire a m'mashelefuwo anali ake, thukuta la zaka zambiri, ndipo akuluakulu anali atanenetsa kuti mankhwala ena opangira sagulanso. Akafa amenewa, digiri yapita.

Manong'onong'o sanachedwe, pajatu pakamwa pa anthu sipatsekeka. Ena ankati ndi mphunzitsi amene anamwalira kafukufuku wake ali pakati. Ena ankati mayi wokolopa anamva kuusa moyo kuseri kwa khoma, n'kuthawa osatola ndowa. Adokotala ankaseka nawo, koma mabatire atayamba kutupa limodzilimodzi, kuseka kunatha. Anachita mantha, osati ndi mizukwa, koma ndi kubwerera kwawo chimanjamanja.

Usiku wina sanaweruke, anabisala m'chipindamo kuseri kwa kabati. Mdima unali wandiweyani, timagetsi tobiriwira ta makina oyesera tikungophethira, makinawo akulira chapansipansi osalekeza. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako kunamveka nsapato zikukwekwereza pasimenti, pang'onopang'ono, kiyi n'kutembenuka. Chitseko cholemera chija chinatseguka pang'ono, dzanja n'kupanirapo kathabwa kuti chisatsekeke.

Anali malume ake, mlonda wa pamalopo, amene iye yemwe anawapezera ntchitoyo.

Mawu anamutuluka monong'ona, kuwafunsa ngati akudziwa kuti akumuphera ntchito. Malumewo sanathawe. Anamukumbutsa tsiku limene anafunsa chifukwa chake makina ena amangokhala chete, iye n'kuwayankha akuthamanga kuti asakhudze, mabatire akupuma.

"Unatero ndiwe, mwanawe. Chinthu chopuma sachitsekera."

Kalanga ine, mawu amodzi okha! Anawafotokozera kuti ankanena kupuma kwa munthu wotopa, kuti batire likadzazidwa moto amalisiya kaye lisanayesedwenso, ndipo lilibe mapapo. Malumewo anamvetsera mwaulemu, chipewa chili m'manja. Kenako anati akazi awo anapita ndi mphumu m'chipinda chotseka mawindo, iwo ali kuntchito, ndipo kuyambira pamenepo sadutsa pakhomo lotseka osatchera khutu.

"Sindinatsegule chifukwa cha mawu ako okha. Ndinayamba ndamvetsera. Ine mowa sindimwa."

Adokotala anawamvera chisoni, koma nthawi ya chisoni panalibe, chinyezi chinali kulowa. Anakankha kathabwa kaja ndi phazi, n'kugwira chitseko kuti atseke. Kutseka kunali kupulumutsa mabatire otsalawo.

Apa m'pamene anamva. Kuchokera kumashelefu akumapeto, kumene kulibe makina kapena zenera, mpweya unkakokedwa movutikira, kuima kaye, n'kutuluka ndi kamluzu kakang'ono. Unakokedwanso.

"Tseka, ndiwe wophunzira," anatero malumewo chapansipansi.

Manambala a pakhoma ankakwera iye akuona. Kunja kunayamba kuyera dzanja lake likadali pachitseko, chosatseka.