Getsi la pa Mlongoti wa Aristides

Nkhani iyi si yopeka ayi. Evaristo Rentería, amene anamva zonse ndi makutu ake, akadali moyo ku mudzi wa La Barrita, ndipo ndi munthu wosalawa mowa, wosadziwa kukometsera nkhani. Mukamufunsa amafotokoza maso ali pansi.

Mlamu wake, Eudoxia Mosquera, ankakhala kumapeto kwa mudzi, pamene mtsinje umathira m'nyanja ya mchere, m'nyumba ya matabwa yoimikidwa pa nsanamira poopa madzi. Mwamuna wake Aristides, mkulu wake wa Evaristo, anali msodzi. Mwana anali naye mmodzi yekha, Yurleidy, mtsikana wongotha kumene msinkhu, wodwala shuga chiyambire ali wamng'ono. Mankhwala ake obaya ankakawatenga ku tauni ya Buenaventura, ulendo wautali wa pa boti, motero ankatengeratu a miyezi ingapo. Koma kunoko kumatentha, ndipo mankhwala amenewa akafunda amatha mphamvu.

N'chifukwa chake Aristides anagula sola. Anaikhomera yekha padenga, batire naliika pakona. Moto wake unkayendetsa kafiliji ka mankhwala ndi wailesi yolankhulirana ndi asodzi ali panyanja. Wotsala unkapita ku getsi lalikulu limene anapachika pa mlongoti wa nsungwi, kuti lizimulozera njira pobwera.

"Mukadzandikwiyira, mayi a Yurleidy, mudzangozimitsa limeneli," ankatero akuseka. "Ndidzakakocheza kwa mkazi wina."

"Akulandireni ndani ndi fungo la nsomba limenelo?" ankayankha Eudoxia.

Tsiku lina analowa m'nyanja osabwerera. Boti analipeza litatembenuzika, mwini wake ayi. Anamuimbira nyimbo za maliro monga mwa mwambo, patebulo pali chipewa chake chokha.

Kenaka mvula inakhazikika, ya mvumbi, yosakata. Dzuwa linasowa sabata ndi sabata. Kagetsi ka pa batire, kamene kankakhala kobiriwira, kanasanduka kachikasu. Eudoxia anazimitsa wailesi, anazimitsanso getsi la pa mlongoti, moto wonse nausiyira filiji. Iye ndi mwana ankadya nthochi zawo zophika ndi nsomba pa kuwala kwa kandulo.

Zinayamba tsiku lina chisisira chikugwa. Achule amene ankasokosa m'matope pansi pa nyumba anangoti zii. M'nyumba munalowa fungo la petulo ndi ukonde wonyowa. Ndiye wailesi, yozimitsa ija, inayamba kuthetheka ngati mafuta pamoto.

"Mayi a Yurleidy."

Supuni inapulumuka m'manja mwa Eudoxia.

"Mayi a Yurleidy, yatsani getsi. Gombe sindikuliona."

Mawu anali ake. Ngakhale kachifuwa kake ka fodya kanamveka.

"Ndi abambo!" anafuula Yurleidy. "Amayi, ndi abambo, yatsani!"

Anayatsa. Akanatani? Anakhala pakhonde maso ali kunyanja mpaka kunja kunayera, koma boti silinaoneke. Atalowa m'nyumba anapeza kagetsi ka pa batire kali kofiira, filiji ili chete, m'kati mwake muli mofunda ngati m'khwapa.

Analumbira kuti sadzayatsanso. Koma madzulo ake mawu aja anabweranso, tsopano otopa, odandaula.

"Dzulo ndinaliona. Ndinangotsala pang'ono. Manja atha ndi kupalasa, mayi a Yurleidy."

"Batire silingakwanitse, bambo," ananong'ona Eudoxia. "Mankhwala a mwana."

"Kanthawi kochepa chabe. Kuno kukuzizira."

Kanthawi kochepa kaja kankatha m'mawa. Zinatero tsiku ndi tsiku. Eudoxia ankazimitsa, mawu nkulira, iye nkuyatsanso, dzanja lina litagwira filiji ngati akuipepesa. Mankhwala m'timabotolo anayamba kuoneka mbuu. Yurleidy ankadzibaya ndithu, koma ludzu silinkamuthera. Anaonda, maso analowa m'kati, komabe ndiye ankayamba kunena kuti, "Yatsani amayi, ine ndili bwino."

Evaristo atabwera ndi nsomba tsiku lina, anamuona mtsikanayo ali gone pamphasa, milomo itang'ambika. Anatsekula filiji, napisamo dzanja.

"Alamu, mukupha mwana. Achimwene anapita. Nyanja sibweza munthu."

"Khalani mpaka madzulo," anatero Eudoxia. "Mumve nokha."

Anakhala. Achule anatonthola. Fungo lija linalowa. Wailesi inathetheka.

"Evaristo, mng'ono wanga, uli pomwepo? Auze ayatse."

Evaristo anaimirira. Anatenga chikwanje, natuluka pamvula, nadula waya wa getsi. Pobwera anazulanso mawaya a wailesi ku batire. Eudoxia anamumenya pachifuwa ndi zibakera, akulira. Wailesi inali patebulo, mawaya akulendewera.

Inalankhulabe.

"Mwandisiya mumdima."

Koma Evaristo anali atachedwa kale. Kutacha Yurleidy ankapuma mobanika, mpweya wake ukununkha ngati zipatso zoola. Anamukweza m'boti la Evaristo, atamufunditsa pulasitiki, mafunde akuwamenya m'mbali. Anapempha madzi kawiri. Anatsirizika asanaone n'komwe nyumba za Buenaventura, mutu uli pamiyendo pa amayi ake.

Atamuika m'manda, mvula inakata. Dzuwa linawala ngati likuchita chipongwe, batire linadzaza, kagetsi kaja kobiriwira bwinobwino. Eudoxia anazula filiji ku batire, naisiya chitsekulire. Analumikiza yekha waya wa getsi, akumanga ndi timizere ta pulasitiki. Sanalire. Sankadyanso kwenikweni.

Evaristo, poopa kuti mlamu wake angadzichite choipa, anabwera kudzakhala naye madzulo amenewo. Onse awiri anakhala pabenchi.

Achule anati zii.

Fungo.

"Mayi a Yurleidy, yatsani. Mwana ndili naye m'boti muno. Tikubwera tonse."

Eudoxia anadzambatuka. Nkhope yake inawala koyamba chichokereni kumanda. Anathamangira kukhoma, chala chili kale pa switchi.

Pamenepo panamveka mawu ena. Aang'ono, onong'ona, ngati a munthu amene akuopa kuti wina angamumve.

"Amayi."

"Yurleidy! Mwana wanga!"

"Amayi, musayatse."

Wailesi inathetheka. Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka nkhafi ikulowa m'madzi. Khuvu. Khuvu.

"Amene akupalasayu si abambo."

Chala cha Eudoxia chinaumira pomwepo.

"Yatsani," anatero mawu aakulu aja, mofatsa. "Mwana akungobwebweta ndi malungo. Mukufuna agone panyanja?"

Evaristo akuti sadziwa kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji, mlamu wake ali chilili kukhoma, iye ali chiumire pabenchi, mpaka achule anayambanso kulira.

Nkhaniyi itamveka, oyandikana ndi Eudoxia anaphwasula nyumba zawo, nasamukira kumtunda kwa mtsinje. Eudoxia anakana kusamuka. Wailesi anakananso kuitaya, chifukwa ndi mokhamo mmene amamva mawu a mwana wake. Chisisira chilichonse amaima pakhoma paja, chala pa switchi, wina akuti yatsani, wina akuti musayatse. Mpaka lero sanayatse. Tsitsi lake layera lonse.

Evaristo analeka kupitako madzulo. Akuti tsiku lomaliza limene anakhalako, wailesi itatonthola, nkhafi ija inkamvekabe. Sinkamvekera m'wailesi. Inkamvekera panja, kumathiriro a mtsinje.